Kompyuta ikuyaka koma siikubuta: vuto la mahadi akuluakulu ndi mapatishoni ake

Kuyaka ndi kubuta, komwe ndi kufika mpaka pa Windows kapena Linux, n'zosiyana, ndipo aliyense wondibweretsera kompyuta pano pa Mangochi boma ndimayamba ndamufunsa zimenezi. Ngati mwadina batani koma fani siikuzungulira, kanyali sikakuwala, imeneyo ndi nkhani ya magetsi ndipo sitiikamba lero. Koma ngati fani ikulira, chizindikiro cha HP kapena Dell chaoneka, kenako n'kubwera timawu toyera pa sikirini yakuda takuti "No bootable device" kapena "Operating system not found", kompyutayo ili moyo ndithu, yangosokera njira. Nthawi zambiri mafayilo anu amakhala ali momwemo, osasuntha ngakhale imodzi. Zimandiwawa mumtima ndikaona munthu wataya ntchito ya zaka zitatu chifukwa wina wamuuza kuti angofomata.

Mnyamata wina wojambula maukwati ndi zinkhoswe, wa cha ku Namwera, anafika tsiku lina CPU itamangidwa kumbuyo kwa kabaza. "Achimwene, hadi yapsa," anatero, "ndipo muli maukwati atatu omwe eni ake analipira kale." Nditamufunsa bwinobwino nkhani inatuluka. Mkulu wake wa ku Joni anamutumizira hadi ya 4 TB. Anakopera hadi yakale ya 500 GB yonse yathunthu kupita pa yatsopanoyo, ndipo kompyuta inabuta popanda chovuta. Koma poyesa kukulitsa C: inkaima pa 2048 GB, pomwe malo ena okwana 1678 GB ankangooneka akuda mu Disk Management, chida cha Windows choonera zigawo za hadi, osalola kukhudzidwa. Mnzake anamulangiza kuti asinthe hadiyo ikhale GPT, njira yatsopano yolembera zigawo za hadi. Anapeza pulogalamu pa intaneti, inasinthadi, ndipo atazimitsa n'kuyatsanso anangopeza mdima. Hadiyo inalibe vuto lililonse. Kuti timvetse chomwe chinachitika tiyenera kutsatira ulendo womwe kompyuta imayenda isanatifikitse pa Windows.

Ulendowu ndi wosinthasintha zokwera: kabaza akusiyeni pa siteji, matola akufikitseni pa boma, basi ikutengeni kuchoka pamenepo. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kokhala m'tchipi ya pa motherboard, komwe pa makina akale ndi BIOS, pa atsopano ndi UEFI. Kameneka kamaona ngati RAM, kiyibodi ndi mahadi zilipo, kenako kamafufuza pa hadi pulogalamu ina yaing'ono yotchedwa bootloader. Bootloader ndiyo imadzutsa Windows kapena Linux. Pokonza, funso ndi limodzi: ulendo wathera pa siteji iti?

BIOS yakale siidziwa kuti fayilo n'chiyani. Imangodziwa kupita pa sekita yoyambirira ya hadi, kamalo ka mabayiti 512, n'kuchita zomwe yapeza zitalembedwa pamenepo. Sekita imeneyi ndiyo MBR. Mabayiti 446 oyamba muli malangizo obutira, 64 otsatira muli kaundula wa mapatishoni, omwe ndi zigawo za hadi, ndipo awiri omaliza ndi chidindo, 55 AA, chotsimikizira BIOS kuti pano pali chobutira. Kaundulayu ali ngati kabuku ka minda kwa amfumu, kolembamo kuti munda wa uje wayambira apa, wathera apo. Kabukuko kakang'ambika minda siichoka, chimanga chimakhalabe m'munda, kungoti palibe wodziwa malire. Pa mabayiti 64 aja patishoni iliyonse imatenga 16, n'chifukwa chake MBR imalola mapatishoni enieni anayi okha. Ofuna ambiri amasandutsa imodzi kukhala extended n'kuigawanso mkati.

Dongosololi linabwera mu 1983 ndi PC DOS 2.0, nthawi yomwe IBM PC XT inkagulitsidwa ndi hadi ya 10 MB. Omwe analikonza anapatsa sekita iliyonse nambala ya mabiti 32. Manambala otere amathera pa 4,294,967,296, ndipo mukachulukitsa ndi mabayiti 512 mumapeza pafupifupi 2.2 TB, yomwe Windows imaionetsa ngati 2048 GB. Kupitirira pamenepo MBR ilibe nambala yotchulira malo. Ndi mpanda womwe mnyamata uja anagunda. Hadi ya 4 TB imaoneka ya 3726 GB mu Windows, mukachotsa 2048 patsala 1678 uja. Ya 3 TB imatsala ndi 746 GB, ndipo pali madalaivala ena akale omwe amaonetsa hadi yonse ya 3 TB ngati ya 746 GB basi, chifukwa chiwerengero chazungulira n'kuyambiranso pa ziro ngati mita ya galimoto yakale.

Mpanda wa 2 TB si woyamba. Kunali wa 528 MB, kunali wa 8.4 GB womwe unkachokera ku malire a masilinda 1024, kenako wa 137 GB womwe unatha atabweretsa manambala a mabiti 48 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Wina anganene kuti zimenezo n'zakale, koma makina a nthawi imeneyo akadalipo m'masukulu ndi m'timaofesi ta kuno, ndipo anthu amawaikira mahadi atsopano. Vuto lake limabisala moipa. Linux ikadzuka imawerenga hadi yonse ndi madalaivala ake, koma GRUB, bootloader yake, imadalira BIOS kuti iwerenge. Ngati mwaika Linux pa patishoni imodzi yaikulu, kompyuta ikhoza kuyenda bwino miyezi ingapo chifukwa mafayilo obutira anagwera chakumayambiriro kwa hadi. Tsiku lina mwapanga apudeti, fayilo yatsopano ya kernel, mtima wa Linux, yalembedwa kutali, kuseri kwa pomwe BIOS imafika, ndipo m'mawa mwake mwalandiridwa ndi "attempt to read or write outside of disk". Mankhwala ake ndi omwe akale ankagwiritsa ntchito m'masiku a LILO, bootloader yakale ya Linux: kapatishoni ka /boot ka 1 GB koyambirira kwenikweni kwa hadi, kuti chilichonse chofunika pobuta chikhale pafupi.

GPT inabwera kudzathetsa zonsezi. Inachokera ku ntchito ya Intel ya EFI chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, yomwe inadzakhala UEFI mu 2005. Imagwiritsa ntchito manambala a mabiti 64, choncho nkhani ya kukula kwa hadi siidzativutitsanso m'moyo wathu uno. Windows imalola mapatishoni 128 pa GPT. Chomwe ndimachikonda kwambiri n'chakuti kaundula amalembedwa kawiri, kumayambiriro ndi kumapeto kwa hadi, komanso ali ndi nambala yodziyezera ya CRC32 yodziwitsa ngati waonongeka. Pa sekita yoyamba pamasiyidwa MBR yongotchinga, yokhala ndi patishoni imodzi ya mtundu wa EE, kuti mapulogalamu akale asaganize kuti hadi ilibe kanthu n'kulembapo.

UEFI nayo imabuta mwa njira ina. Siiyang'ana mabayiti 446 aja. Imadziwa kuwerenga mafayilo, ndiye imafufuza kapatishoni kapadera ka FAT32 kotchedwa EFI System Partition, komwe Windows imakapanga ka 100 MB nthawi zambiri, n'kutsegulamo fayilo. Ya Windows ndi bootmgfw.efi, mu foda ya \EFI\Microsoft\Boot. Ubuntu imaika zake mu \EFI\ubuntu, m'kapatishoni komweko. Kameneka kalibe chilembo ngati C: kapena D:, ndiye anthu akakaona mu Disk Management kapena poika Windows amati ndi zinyalala, n'kukafufuta kuti apeze malo. Malo opezeka ndi 100 MB, osakwana ndi kanema mmodzi yemwe, koma kompyuta siibutanso.

Tsopano lamulo lomwe limagwetsa anthu ambiri ndi ili. Windows imabuta pa hadi ya MBR ngati makina ali pa BIOS, ndipo imabuta pa hadi ya GPT ngati makina ali pa UEFI. Siilola kusakaniza. Makina ambiri omwe tili nawo kuno, makamaka ogula kwa ena, amatha njira zonse ziwiri: ali ndi UEFI, koma muli chosankha chotchedwa Legacy kapena CSM chowachititsa kukhala ngati BIOS yakale. Kompyuta ya mnyamata wa ku Namwera inali pa Legacy. Pulogalamu ija inasintha kaundula kukhala GPT koma sinapange kapatishoni ka EFI, ndipo palibe anasintha makinawo kuwaika pa UEFI. Lamuloli limakhudza hadi yobutira yokha. Hadi yongosungira mafayilo ikhoza kukhala GPT pa makina a BIOS ndipo Windows 7 kapena 10 iiwerenga bwinobwino. Linux ndi yomasukirapo: imabuta pa GPT ngakhale makina ali a BIOS, bola mupatse GRUB kapatishoni ka 1 MB ka mtundu wa bios_grub kosafomata, chifukwa kampata kotsatira MBR komwe inkabisamo thupi lake katengedwa ndi kaundula wa GPT.

Ndisanakhudze chilichonse ndimalowa kaye mu setup ya makina, F10 pa HP, F2 pa Dell, Del pa ma motherboard ambiri, kukaona ngati hadi ikuoneka ndi dzina lake komanso kukula kwake koyenera. Ngati siikuoneka, nkhani ya mapatishoni isiyeni. Onani chingwe cha SATA ndi cha magetsi, pukutani fumbi, chifukwa kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi fumbi la m'misewu sizichitira chifundo zida zimenezi. Ngati hadi ikugogoda, izimitseni nthawi yomweyo. Kuiyatsa mobwerezabwereza kumangoonjezera bala. Ikaoneka, ndimayang'ana deti. Deti ikabwerera zaka zambiri m'mbuyo ndiye kuti kabatire ka CR2032 ka pa motherboard katha, ndipo pa makina ambiri zosankha zonse zimabwerera momwe zinachokera ku fakitale. Makina omwe anali pa Legacy amapezeka ali pa UEFI, kapena chosankha cha SATA, cha momwe makina amalankhulira ndi hadi, chachoka pa AHCI chapita pa RAID, ndipo chomalizachi chimabweretsa sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Kangapo konse ndakonza kompyuta "yakufa" pongobwezera chosankha chimodzi ndi kugula kabatire.

Mawu omwe kompyuta yalemba amaloza siteji. "No bootable device" ndiye kuti BIOS kapena UEFI sinapeze pokwerera n'komwe. "Invalid partition table" ndi "Missing operating system" amachokera m'malangizo a MBR, kusonyeza kuti sekita yoyamba yawerengedwa koma patishoni yobutira yasokonekera. "BOOTMGR is missing" ndiye kuti tafika pa patishoni koma bootloader palibe, mwina chifukwa chizindikiro cha active, chosonyeza patishoni yobutira, chaikidwa pa patishoni yolakwika. Manambala ngati 0xc000000e ndi 0xc000000f ndi nkhani yabwinoko: bootloader yadzuka, kungoti BCD, kabuku kake kolozera komwe kuli Windows, kakuloza malo omwe kulibe kapena kaonongeka. Izi zimachitikachitika munthu akakopera hadi kapena akasuntha mapatishoni.

Chotsatira ndi kubutira pa flashi ya Windows. Apa pali msampha wina. Pa mndandanda wa zobutira, F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi Lenovo, flashi imodzi yomweyo imatha kuoneka kawiri, kwina dzina lake lili ndi mawu akuti UEFI kutsogolo. Njira yomwe mwalowera ndiyo Windows idzaitsate. N'chifukwa chake anthu amakumana ndi uthenga wakuti "The selected disk is of the GPT partition style" poika Windows: alowera khomo la Legacy pomwe hadi ndi ya GPT. Hadi siinalakwe, ingotulukani mulowere khomo linalo. Ngati flashi munaipanga ndi Rufus, pulogalamu yopangira flashi yobutira, kumbukirani kuti nayo imafunsa GPT kapena MBR isanayambe.

Sikirini yoyamba yoikira Windows ikaoneka, dinani Shift ndi F10 pamodzi, pa windo yakuda yomwe itseguke lembani diskpart, kenako list disk. Hadi yokhala ndi kanyenyezi pansi pa mawu akuti Gpt ndi ya GPT. Lembani list volume kuti muone mapatishoni, ndipo musadabwe kupeza kuti C: wanu pano akutchedwa D: kapena E:, zilembo zimasintha. Ndili m'diskpart momwemu ndikuchenjezeni mwamphamvu za malangizo omwe afala kwambiri, akuti lembani clean kenako convert gpt. Uthenga wovuta uja umachokadi, koma clean imafufuta kaundula yense wa hadi yomwe mwasankha, osafunsa kawiri. Ndi yoyenera pa hadi yopanda kanthu basi.

Kwa mnyamata uja, nditatuluka mu diskpart ndinalemba dir D:\Users ndipo mafoda ake onse anandandalika. Ndinamuona akupumira m'mwamba. Tisanapitirire tinakopera maukwati atatu aja pa hadi ina, ngakhale zinatidyera maola, chifukwa sindikonza hadi yomwe zinthu zake zofunika zili pamalo amodzi okha. Kenako ndinabwerera mu diskpart, kusankha hadi ija, n'kulemba create partition efi size=260 pa malo opanda kanthu aja, format quick fs=fat32, ndi assign letter=S. Pomaliza, nditatulukanso mu diskpart, ndinalemba bcdboot D:\Windows /s S: /f UEFI, lamulo lomwe limakopera mafayilo obutira kupita m'kapatishoni katsopanoko ndi kulemba BCD yatsopano. Nditasintha makina kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI, Windows inadzuka ngati palibe chinachitika, ndipo malo otsala aja tinawapanga patishoni ya mavidiyo.

Akanafunsa poyamba ndikanamuuza za mbr2gpt, chida chomwe chili mu Windows 10 kuyambira pa veshoni 1703. Chimasintha hadi yobutira kuchoka pa MBR kupita pa GPT osafufuta mafayilo, ndipo chimapanga chokha kapatishoni ka EFI. Mumayamba ndi mbr2gpt /validate kuti chione ngati n'zotheka, kenako mbr2gpt /convert, kuonjezera /allowFullOS ngati mukuchitira mkati mwa Windows. Chimafuna mapatishoni osapitirira atatu, opanda extended. Chikamaliza musaiwale kusintha makina kupita pa UEFI, ndipo musanayambe n'komwe tsimikizani kuti makinawo UEFI ali nayo. Ambiri amakumana ndi ntchito imeneyi, popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 ndipo Windows 11 imafuna UEFI ndi tchipi ya chitetezo ya TPM 2.0. Ngati hadi ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera hadi, pezani kaye kiyi yake ya manambala 48 muilembe papepala, chifukwa kusintha kabutidwe kumachititsa kuti iifunse.

Nanga makina a BIOS yokhayokha? Musalimbane nawo. Ikani Windows pa SSD yaing'ono ya MBR, hadi yaikuluyo ikhale GPT yosungira. Kunena zoona, ngakhale makina ali atsopano, ine ndimakonda dongosolo lomweli kwa ojambula mavidiyo ndi anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'maflashi a anthu pamsika. Windows ikavuta mumaikonza pa hadi yakeyake, katundu wa makasitomala ali phee kwina. Ndipo pa makina a MBR otere ndi pomwe bootrec /fixmbr, bootrec /fixboot ndi bootrec /rebuildbcd zimathandiza. Pa UEFI anthu amataya nthawi ndi /fixmbr yomwe makinawo sayang'anako, pamene /fixboot imangoyankha kuti "Access is denied". Kumeneko bcdboot ndiyo njira.

Ophunzira omwe amaika Ubuntu pambali pa Windows amabwera ndi kompyuta yoima pa sikirini yakuda yolembedwa grub rescue. Kawirikawiri amakhala atafufuta kapena kusuntha patishoni ali mu Windows, ndiye GRUB ikufuna mafayilo ake pa nambala ya patishoni yomwe yasintha. Mukalemba ls pamenepo imakuonetsani mapatishoni monga (hd0,gpt2) kapena (hd0,msdos5). Yesani imodziimodzi mpaka mupeze yokhala ndi /boot/grub, muilozere ndi set root ndi set prefix, kenako insmod normal ndi normal. Mukalowa, pangani grub-install ndi update-grub kuti zikhazikike. Koma muzu wa mavuto ambiri a makina a mbali ziwiri ndi womwe uja: Windows inaikidwa pa UEFI, Linux pa Legacy, ndiye siziwonana. Mu Windows, msinfo32 imaonetsa BIOS Mode. Mu Linux, foda ya /sys/firmware/efi ikakhalapo ndiye kuti mwabuta pa UEFI. Ziwirizi zifanane. Zimitsaninso Fast Startup mu Windows, chifukwa imasiya mapatishoni a NTFS ali ngati ogona ndipo Linux imakana kulembamo.

Za magetsi ndinene mosabisa. Kusuntha kapena kuchepetsa patishoni ya 2 TB yodzaza kumatha maola ambiri, ndipo magetsi akathima ntchitoyo ili pakati mumatsala ndi mafayilo omwe theka lili kwakale, theka kwatsopano. Pa desikitopu yopanda UPS kapena solar yodalirika ine ntchito imeneyi sindiiyamba. Ngati choonongeka ndi kaundula yekha, chiyembekezo chilipo chachikulu: pulogalamu ya gdisk imatha kumanganso kaundula wa GPT kuchokera pa uja wa kumapeto, ndipo TestDisk, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier, imasanthula hadi kufufuza pomwe mapatishoni otayika anayambira. Chofunika n'chakuti musalembepo kanthu katsopano. Kaundula wa kumapetoyu amasokonezanso mukakopera hadi ya GPT yaing'ono kupita pa yaikulu, chifukwa amapezeka ali pakati pa hadi m'malo mwa kumapeto. Lamulo la sgdisk -e limamusunthira pamalo pake. Ndipo mukamaliza kukopera, chotsani hadi yakale musanayatse koyamba, popeza mahadi awiriwo amakhala ndi nambala yodziwikira yofanana ndipo makina amatha kusokoneza kuti abutire iti.

Pali chinanso chomwe chinandizunguza mutu nthawi yoyamba kuchiona. Mahadi ena akunja a USB, makamaka a 3 TB ndi 4 TB akalekale, ali ndi kabodi m'kabokosi kawo komwe kamauza kompyuta kuti sekita iliyonse ndi ya mabayiti 4096. Opanga anachita dala kuti MBR ifike mpaka 16 TB ndipo Windows XP ithe kuwagwiritsa ntchito. Doko la USB likathyoka, munthu amaswa kabokosiko n'kulumikiza hadi mwachindunji pa SATA. Apo hadi imayankha ndi masekita a mabayiti 512, manambala onse a mu kaundula amaloza malo olakwika kasanu n'katatu, ndipo Windows imati hadiyo ndi RAW, muifomate. Dinani Cancel. Konzetsani doko la kabodi kaja kwa okonza mafoni, kapena pezani kabokosi ka mtundu womwewo, mubwezeremo hadi, mukopere zonse kwina. Mukatero ndi pomwe mungailumikize pa SATA, kuipanga GPT n'kuigawa mwatsopano.